Kapepala ka Baader koonera dzuwa pa telesikopu, ndakayesa miyezi itatu

Telesikopu yanga yaing'ono ya 80mm ndimangoonera mwezi ndi Jupiter usiku, masana imangogona mkatoni. Ndiye ndinagula AstroSolar Safety Film ya Baader Planetarium, kampani ya ku Germany ija, ndipo pano nditha kunena kuti ndi kabwino zedi, koma mumve kaye izi chifukwa diso likapsa lapsa basi.

Kamabwera ngati pepala la A4, konyezimira ngati foyilo koma kopyapyala kwambiri moti poyamba umakayika kuti eti kameneka kangatchinge dzuwa? Kamatchinga. Ka OD 5.0 (nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga kuwala) kamangolola gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuwala kudutsa. Powoda muonetsetse nambala imeneyi, chifukwa palinso ka OD 3.8 komwe ndi kojambulira zithunzi basi, osati koika diso ayi.

Chotengera umapanga wekha. Ine ndinadula mikombero iwiri ya katoni, kapepala pakati, selotepi yomata mbali zonse, kenako kachivindikiro kolowa mothina kutsogolo kwa telesikopu. Kutsogolo, osati koonera diso! Musakakoke kuti kawongoke, makwinya aja alibe vuto, kukoka ndi komwe kumaononga chithunzi. Ndipo ndimamatanso selotepi mbali zitatu chifukwa kamphepo kakangochotsa chivindikirocho diso lili pomwepo, ngakhale kuphethira sikungakupulumutse, komanso mkati mwa diso momwe mumagwa kuwala mulibe minyewa yomva ululu ndiye umapsa osamva kalikonse, umadzazindikira patapita maola. Kafaindala, katelesikopu kakang'ono kolozera kapamwamba kaja, kavindikireni, makamaka ngati pali ana pafupi. Dzuwa ndimalipeza poyang'ana chithunzithunzi cha telesikopu pansi, chikafupika nkukhala chozungulira ndiye kuti walilunjika.

Tsiku loyamba ndinangoti kakasi. Dzuwa loyera bwinobwino, mmphepete modererako, ndipo cha kumanzere gulu la madontho akuda asanu, lalikulu lili ndi pakati pakuda bii ndi kamkombero kotuwa kolizungulira. Malo amenewa amaoneka akuda chifukwa ndi ozizirirapo kusiyana ndi pena ponse pomwe pamatentha pafupifupi madigiri 5,500. Ndinkajambula ndi pensulo mmawa uliwonse ndipo madonthowo amasuntha pang'onopang'ono mpaka kukabisala kumbali inayo, ndiye kuti ukuona ndi diso lako dzuwa likuzungulira, pafupifupi masiku 27 kuti libwerere. Madontho amachuluka ndi kuchepa pa zaka 11 zilizonse, ndipo 2024 anali pachimake.

Chovuta chake umachedwa kulimba mtima kukagwira, sikafuna zala, kamakandika msanga. Ndisanaike ndimakayang'anitsa kuwala nthawi zonse, pakaoneka kabowo kapena kung'ambika ndidula kena. Malawi ofiira ammphepete mwa dzuwa omwe mumaona pa intaneti aja simuwaona ndi kameneka, amafuna telesikopu yapadera yoonera dzuwa yotchedwa H-alpha.

Chomwe chimandiwawa ndi tima fyuluta takuda tolembedwa SUN tomangira koonera diso, tomwe timabwera ndi matelesikopu ena akale. Timakhala pomwe kutentha konse kwasonkhana ndipo timatha kusweka ukuyang'ana. Kanga ndinataya tsiku lomwelo. Magalasi a kadamsana a muyezo wa chitetezo wa ISO 12312-2 nawo ndi oonera ndi maso chabe, kuwavala nkusuzumira mu telesikopu yopanda fyuluta amabooka pompo.

Pepala limodzi landikwanira telesikopu ndipo kotsala ndikufuna kudulira mabainokyula, magalasi onse awiri akutsogolo.