Kashopu ka ku Kamwala kadzutsa magemu anga akale: nyenyezi 4 pa 5

Magemu amene tinkalimbirana kiyibodi tili ana ndinawasunga pa kafulashi ndi ma CD awiri, koma laputopu yanga ya Windows 11 inkawakana onse. Mnzanga wa ku Chilenje ndiye anandilozera kashopu kena ku Kamwala mu Lusaka, kothinana moti kasitomala wachiwiri amaima panja.

Mnyamata wa pamenepo ntchito amaidziwa. Atangoona Dangerous Dave ndi Prince of Persia anaseka n'kunena kuti, "Amdala, laputopu yanu ilibe mlandu." Anandifotokozera kuti Windows ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a 16-bit a nthawi ya DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta Windows isanafale, ndiye gemu imafunika kuinamiza kuti ili pa kompyuta yakale. Anaika DOSBox, pulogalamu yaulere imene ilipo kuyambira 2002, ndipo sanandibisire kuti ndi yaulere. Ena akanandigulitsa. Anandiikiranso tizizindikiro pa sikirini kuti ndisamavutike kulemba malamulo a DOS, n'kundilembera pa kapepala: Ctrl ndi F11 kuchepetsa liwiro gemu ikamathamanga ngati yapenga, Ctrl ndi F12 kuwonjezera, Alt ndi Enter kuti idzaze sikirini yonse. Kapepalako ndinakamata pambali pa kiyibodi.

Need for Speed II SE ya 1997 ndiyo inamutulutsa thukuta. Mtundu wake wa zithunzi zokongola unapangidwira makhadi a zithunzi a kampani ya 3dfx amene anasiya kupangidwa kalekale, choncho anaika pulogalamu ya nGlide kuti ilowe m'malo mwa khadilo. Tsopano ikuyenda, ngakhale phokoso la injini limadukaduka nthawi zina.

CD ya mpira yokha inakanika. Ili ndi loko woletsa kukopera CD wotchedwa SafeDisc, amene Windows inasiya kumulandira kuyambira pa Windows 10 mu 2015. Anati angandipezere fayilo yothyola lokoyo pa intaneti, ine ndinakana. Laputopu yomweyi ndi ya ntchito, sindifuna mavairasi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha nthawi. Anati ndibwere 14 koloko, ndinafika n'kupeza magetsi azima, laputopu ili chitsekere. Foni ali nayo, koma kundiuza ayi. Ndinakwera minibasi kawiri, ndipo risiti ya K150 yanga mpaka lero sindinaione.

Mwana wanga wa zaka 9 poyamba anati zithunzi za Dave zikuoneka ngati njerwa. Dzulo ndamupeza pa levo 3, akukana kundipatsa mpando.