Miyezi 8 ndi kachipangizo kowerengera ma floppy

Bambo atatisiya tinapeza chitini cha mabisiketi chodzaza ndi ma floppy disk 31, aja a mainchesi 3.5. Anali kalaliki pa boma pano pa Mangochi, ndipo makalata a munda wathu wa ku Namwera ankawasunga m'menemo. Ndiye mu Okutobala ndinaitanitsa kachipangizo kowerengera ma floppy kolumikiza pa USB. Mpaka lero kakugwira ntchito bwinobwino.

Sabata yoyamba ndinkayesa kuti andigulitsa chakufa. Laputopu yanga ili ndi Linux Mint m'malo mwa Windows, anandiikira mphwanga, ndipo ndinali ndisanaizolowere. Ndinasakasaka A:, dzina lomwe floppy imaonekera nalo pa Windows, osaipeza. Wina anandiuza za /dev/fd0, koma dzinalo ndi la chipangizo chomangira m'kati mwa makompyuta akale. Cha USB chimaoneka ngati flashi. Nditalemba lsblk (lamulo loonetsa ma disiki olumikizidwa) pa terminal, pomwe timalembera malamulo, ndinaona disiki yotchedwa sdb ya 1.4M (kwa inu chilembo chikhoza kukhala china, yang'anani kukulako). Apanso ndinapunthwa, ndinkalemba sdb1 monga pa flashi, chonsecho floppy siigawidwa zigawo. Tsiku lomwe ndinalemba lamulo lotsegulira disiki, sudo mount /dev/sdb /mnt, kachipangizoko kanalira pang'ono, mayina a mafayilo a bambo n'kutulukira. Ndinakhala kaye phee, misozi ili m'maso.

Kachipangizoka n'kochedwa powerenga, inde, ndipo disiki imodzi imangonyamula 1.44 MB, chithunzi chimodzi cha pa foni sichikwanamo kawirikawiri. Zimenezo sizinandidandaulitse.

Chomwe chinandipweteka ndi nkhungu. Kutentha ndi chinyontho cha kunyanja kuno zinawononga ma disiki 7. Imodzi yankhungu ndinailowetsa osayang'ana, inadetsa kamutu kowerengera, ndipo yabwinobwino yotsatira nayonso inayamba kukana. Masiku ano ndimakankha kaye kachitsulo kotsekera n'kuunika m'kati. Ndikaona timadontho toyera, imeneyo silowa. Ndimatsegulanso kabowo ka pakona kuti pasalembeke kanthu mwangozi, ndipo sinditulutsa disiki ndisanalembe umount, lamulo loitsekera.

Sony inasiya kupanga ma floppy mu 2011, choncho musagule kachipangizoka kuti muzisungirapo zatsopano. Disiki ikangotseguka, koperani zonse nthawi yomweyo, mwina mawa sitsegukanso. Zathu 24 zili pa flashi ziwiri, ina kwa ine, ina kwa achemwali ku Monkey Bay. Kalata ya malire a munda ija tinaisindikiza, ndipo mayi anapita nayo okha kwa amfumu mwezi wathawu.