Miyezi 14 ndili ndi lupu ya mahomoni: zimene zinatha ndi zimene zatsala

Papita miyezi 14 chindiikireni m'chiberekero lupu ya mahomoni yotchedwa Mirena, ndipo tsopano ndikutha kuinena popanda mkwiyo umene ndinali nawo m'miyezi yoyambirira. Ndine mphunzitsi wa zaka 44, mayi wa ana atatu, ndipo ndimakhala ku Area 25. Lupuyi sindinaikitse pofuna kulera. Kwa chaka chathunthu msambo wanga unkatenga masiku khumi kapena kuposerapo, magazi akutuluka oundana, moti ndinkaopa kutembenukira pa bolodi ophunzira ali kumbuyo kwanga. Sikani inaonetsa kuti mnofu wa mkati mwa chiberekero, umene umakhuthala mwezi ndi mwezi n'kutuluka ngati msambo, unali utakhuthala mopitirira muyeso. Atatapako kachidutswa n'kukayeza ku labu, anapeza vuto lotchedwa endometrial hyperplasia, la mtundu umene maselo ake sanayambe kusintha maonekedwe.

Adokotala anandifotokozera kuti pa msinkhu wanga pamakhala miyezi imene dzira silituluka, ndiye homoni ya estrogen imangokulitsa mnofuwo popanda progesterone yoibweza. Lupuyi ili ndi mamiligalamu 52 a mankhwala a levonorgestrel, ogwira ntchito ngati progesterone, amene amatuluka pang'onopang'ono, pafupifupi mamaikulogalamu 20 patsiku poyamba, n'kumapyapyalitsa mnofuwo pamalo pomwepo. Anzanga ku sukulu atamva anandiopseza kuti lupu idzandimaliza magazi, koma iwo ankanena lupu ya kopa imene amayi ambiri amaidziwa kusikelo, yomwe ilibe mahomoni ndipo kawirikawiri imachulukitsadi msambo. Ziwirizi zimafanana maonekedwe, koma zimagwira ntchito mosiyana.

Kuika kunatenga mphindi zochepa. Cham'mimba chinandigwira masiku awiri, brufen ndi botolo la madzi otentha zinandikwanira.

Chimene chinandisautsa kwenikweni ndi timadontho ta magazi. Anamwino anandichenjeza kuti izi zimachitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, koma anazinena mwachidule ngati nkhani yaing'ono, ine n'kuzimva choncho. Mwezi woyamba ndinadontha masiku 24, wachiwiri masiku 21. Sanali magazi ambiri, nthawi zina kakuda chabe pa padi, koma sindinkadziwa tsiku limene adzayambe kapena kuleka, choncho ndinkavala padi tsiku ndi tsiku mpaka khungu linayamba kusupuka m'nyengo yotentha ya Okutobala. Ndalama za mapadi nazo sizinali zamasewera, ndipo zinachepa nditayamba kugwiritsa ntchito mapadi ochapa ndikakhala pakhomo, ogula ndikusungira kuntchito.

Mavuto ena a kudonthaku salembedwa pa pepala la mankhwala. Mwambo wathu umati mayi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, kuopa kudula a m'nyumba. Ineyo mwambowu sindiutsatira ndikakhala ndekha, koma nthawi imeneyo apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Mitundu kudzakhala nafe, ndiye mwaulemu ndinkatuma mwana wanga wamng'ono kukathira mchere. Itakwana milungu itatu apongoziwo anandiitanira kuseri n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi aNaphiri, mwanayu azingothira mchere mpaka liti? Mukudwala chiyani chimene simukutiuza?" Ndinawauza zonse, ndipo ngakhale sanakhutire ndi zoti munthu aziyenda ndi chinthu m'chiberekero, anavomereza kuti amenewa ndi matenda osati msambo. Ndi abambo a kunyumba nkhani inali yovutirapo, chifukwa milungu yambiri chonchi imabweretsa kuzizira m'banja ngakhale pasakhale wolakwa. Ndinawatenga ku chipatala kuti akadzimvere okha, ndipo kumeneko anadandaulanso kuti amamva timaulusi ta lupu. Anamwino anati, "Bambo, musade nkhawa, timaulusito timafewa n'kupindikira tokha kukhomo la chiberekero." Zinaterodi patapita miyezi iwiri.

Chimene chinandithandiza kuposa mankhwala alionse ndi kalendala ya m'chipinda. Ndinkalemba kadontho tsiku lililonse limene ndaona magazi, ndipo pamene mtima unkandiuza kuti palibe chikusintha, manambala ankanditsutsa: mwezi wachitatu masiku 16, wachinayi 11, wachisanu 6. Pakanapanda kalendalayo ndikanaichotsetsa lupuyi m'mwezi wachitatu, pakuti tsiku lina ndinakweradi minibasi ndi cholinga chimenecho.

Maganizo amenewo sanabwere chifukwa cha magazi okha. Kuyambira mwezi wachiwiri mawere ankawawa ngati ndili ndi mimba yaing'ono, ziphuphu zinatuluka m'chibwano ngati mtsikana wa Fomu 2, ndipo mutu unkandipweteka madzulo. Choipa kwambiri chinali kupsa mtima msanga ndi kulira popanda chifukwa chenicheni. Tsiku lina ndinakalipira mwana wa sukulu chifukwa chochedwa kufufuta pa bolodi, ndipo ndikamakumbukira manyazi amandigwirabe. Pano ndili ndi dandaulo limene sindinalisiye: nditafotokoza zimenezi ku chipatala, wina anandiyankha kuti mahomoni a lupu sachoka m'chiberekero, ndiye zili m'maganizo mwanga. Zimenezo si zoona. Mankhwala ochepa amalowa m'magazi, ndipo kusintha kwa mtima, ziphuphu ndi kuwawa kwa mawere zalembedwa pa pepala lomwe limabwera ndi lupuyo. Adokotala amene anandiika ndiwo anandimvetsera. Anandiuza kuti ndikaichotsa ndiyenera kumwa mapiritsi a mahomoni a mtundu womwewo tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, amene amayenda m'thupi lonse ndipo sachiza vutoli mofanana ndi lupu, ndipo zikakanika pamatsala kuchotsa chiberekero. Tinagwirizana kuti ndidikire mpaka atayezanso mnofu, koma kukhumudwako kukakula ndibwerere msanga.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti lupu yoikidwa chifukwa cha vuto ngati langa saiweruza ndi mmene munthu akumvera m'thupi mokha. Malangizo a mu 2016 a bungwe la madokotala a amayi ku Britain la RCOG amati mnofuwo uyezedwe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka zotsatira ziwiri zotsatizana zitaonetsa kuti uli bwino. Amanenanso kuti mwa amayi 100 amene ali ndi mtundu wanga wa vutoli, osakwana asanu ndi amene limasanduka khansa pa zaka 20. Chiwerengerocho n'chochepa, koma sindinafune kukhala m'gulu la asanuwo chifukwa cha ziphuphu. Anandiyeza m'mwezi wachisanu ndi chimodzi komanso wa 12, lupu ili momwemo, ndipo zotsatira zonse zinatuluka bwino. Kuyeza kumeneku n'kosiyana ndi kwa khansa ya khomo la chiberekero, kumene ndimapitako pakokha.

Pa sikani ya pakati pa chaka anaonanso kachotupa ka madzi pa thumba la mazira, kamene kamachitika mwa ena ovala lupuyi, ndipo kanatha kokha.

Kuyambira mwezi wachisanu ndi chinayi msambo unasiyiratu, monga zimachitikira kwa mayi mmodzi mwa asanu pofika chaka. Mayi wina wa kumvano anandinong'oneza kuti magaziwo akuunjikana m'mimba ndipo tsiku lina adzandiphulikira. Palibe chikuunjikana, chifukwa mnofu ukapyapyala palibenso choti chituluke. Magazi anga, amene poyeza anali pa 8, tsopano ali pa 12, mapiritsi owonjezera magazi ndinasiya, ndipo ndimakwera masitepe osapuma panjira.

Zimene zatsala ndi ziphuphu ziwiri zitatu mwezi uliwonse ndi kudontha kwa tsiku limodzi mwa apo ndi apo. Ndanenepa makilogalamu atatu, koma sindingaloze chala lupu pamene chilakolako cha chakudya chinabwerera magazi atachuluka. Ndayamba kuyenda wapansi m'mawa chifukwa mafuta a m'thupi nawo amapanga estrogen. Timaulusi ndimatifufuza kamodzi pamwezi, ndipo anandiuza kuti ndikapanda kutimva, tikatalika, magazi ambiri akabwerera mwadzidzidzi, kapena ndikamva kupweteka koopsa m'mimba ndi kutentha thupi, ndisadikire tsiku la pa khadi. Lupuyi siteteza ku HIV.

Mphunzitsi mnzanga amene amupeza ndi vuto lomweli anandifunsa sabata yatha ngati aikitse. Ndinamuuza kuti ine ndikhala nayo zaka zisanu monga adokotala analangizira, ndipo ndinamuonetsa kalendala yanga ya miyezi iwiri yoyamba ija kuti aone yekha madontho 45 asanapite kukaika.