Bokosi la sayansi la ana: za magetsi n'zabwino, koma samalani ndi sefa ya madzi

Bokosili ndinaligula m'sitolo ina ya zidole m'tauni pa madola 25 a ku America. Ndinagulira adzukulu anga awiri amene ndikulera ku Mufakose, mu Harare, wina wa Giredi 1, wina wa Giredi 3. Pabokosi analemba kuti ndi la ana a zaka 5 mpaka 8. M'kati muli maginito awiri, galasi lokulitsa zinthu, mabaluni, tipaketi ta soda ndi utoto, kababu ndi mawaya ake, sefa ya madzi ndi kabuku ka malangizo ka m'Chingerezi. Mabatire mulibe, mugule panokha awiri a AA.

Gawo la magetsi ndi limene landigwira mtima. Mwana amalumikiza waya kuchokera ku batire kupita ku babu, wina n'kubwerera ku batire, ndipo njirayo ikangoduka paliponse babu imazima. Ana anayamba kuika zinthu pakati pa mawaya awiri kuti aone zomwe zimadutsitsa magetsi. Supuni yachitsulo inayatsa, mthiko unakana, khobidi linayatsa, labala ayi. Wamkuluyo anasongola pensulo mbali zonse ziwiri, n'kugunditsa mawaya pakamtima kakuda kaja, babu n'kuyaka mwa apo ndi apo. Zimenezo m'kabuku mulibe, anaziganiza yekha. Tsopano magetsi akathima amafunsa kuti, "Agogo, ndiye kuti waya waduka pena pake?" Ndimamuuza kuti nthawi zina waya ali bwinobwino, koma madzi akachepa ku damu la Kariba makina a kumeneko amapanga magetsi ochepa. Funso lotere kwa mwana wa msinkhu umenewu, kwa ine labweza kale ndalama zanga.

Za soda ndi viniga n'zosangalatsa: zikasakanikirana m'botolo zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, baluni n'kufufuma yokha. Koma kapaketi kake n'kochepa zedi, ndipo ndi soda yemweyu timathira m'therere. Akatha, ingotengani wa kukhitchini.

Dandaulo langa lili pa sefa. Umathira timiyala, mchenga ndi makala m'kachubu, n'kutsanulira madzi amatope pamwamba, pansi n'kumadontha madzi oyera mbee. Wamng'onoyo ataona anatenga kapu kuti amwe, mwamwayi ndinali pomwepo. Kabukuka sikanena momveka kuti madziwo si akumwa. Mchenga ndi makala zimagwira matope, koma tizilombo toyambitsa matenda timadutsa. Ife a mu Harare tinaona kolera mu 2008, inabweranso mu 2018 n'kuvuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo mabanja ambiri timadalira madzi a pamjigo ndi a pachitsime. Kuphunzitsa mwana wa kuno kuti madzi akayera ndiye kuti ali bwino n'koopsa. Muuzeni kuti akumwa timawiritsa kapena kuthira mankhwala a klorini.

Maginito nawonso ndi aang'ono, otha kulowa m'kamwa. Mwana akameza awiri amakokana m'matumbo n'kuboola, choncho ngati pakhomo pali wokwawa, muziwasunga nokha.

Ndingalimbikitse bokosili kwa makolo amene angakhale pansi ndi ana pochita zonsezi. Wa zaka 5 sangathe kuwerenga malangizo yekha, ndipo tikapu take ta pulasitiki n'topyapyala, kamodzi kanang'aluka kale. Sefayo ndinaichotsamo, imatuluka pokhapokha ine ndilipo.