Miyezi 8 ndikugwiritsa ntchito unicodedata ya Python

Papita miyezi 8 chiyambire kugwiritsa ntchito unicodedata, laibulale yomwe imabwera kale mu Python, yopereka mayina ndi zambiri za zilembo za Unicode (dongosolo lopatsa chilembo chilichonse nambala ndi dzina), pa kapulogalamu kanga kofufuza zilembo zachilendo m'mauthenga. Ndimaikondabe, kungoti tsopano ndikudziwa pomwe mphamvu zake zimathera.

Pa chilembo chimodzichimodzi sinandigwiritsepo mwala. Mukaika ŵ mu name(), imayankha kuti LATIN SMALL LETTER W WITH CIRCUMFLEX. Tsiku lina mawu awiri ooneka ofanana ndendende ankakana kugwirizana posaka. Mayinawa ndi omwe anaulula kuti m'mawu enawo munali w wamba wotsatana ndi kachipewa kapadera, COMBINING CIRCUMFLEX ACCENT. Ndi maso okha sindikanazindikira. Nditadutsitsa mawu onse mu normalize() ya NFC, yomwe imaphatikiza w ndi kachipewako kukhala chilembo chimodzi, vuto linatha.

Thukuta ndinatuluka pa ma emoji. Chithunzi cha mayi ali pa kompyuta chimaoneka chimodzi, koma mkati mwake muli zizindikiro zitatu: WOMAN, kenako ZERO WIDTH JOINER (ZWJ), cholumikizira chosaoneka cha nambala U+200D, kenako PERSONAL COMPUTER. Mukazipereka pamodzi, name() imakana ndi uthenga wa vuto wa TypeError chifukwa imalandira chizindikiro chimodzi basi. Mbendera nazo n'chimodzimodzi, iliyonse ya dziko ndi zilembo ziwiri za REGIONAL INDICATOR. Ndinasangalala nditamva kuti kuyambira Python 3.3, lookup(), yomwe imapeza chizindikiro mukaipatsa dzina, imadziwa mayina a zizindikiro zotsatana, koma mndandanda umenewo ndi wina, ndipo ma emoji olumikizidwa ndi ZWJ mulibemo.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti laibulaleyi sinalakwe. Dzina la emoji ya mayi ija, loti "woman technologist", limachokera ku CLDR, nkhokwe ina ya bungwe la Unicode yomwe ili ndi mayina a ma emoji, pomwe unicodedata imawerenga mayina a zilembo a Unicode, omwe akangoperekedwa sasinthidwanso. N'chifukwa chake mtima wofiira umatchedwabe HEAVY BLACK HEART, zomwe zinasokoneza omwe ankawerenga malipoti anga. Panopa ndimawerenga fayilo ya emoji-test.txt pambali (ya bungwe la Unicode, yokhala ndi ma emoji ndi mayina awo), ndimayamba kufananitsa mndandanda wa zizindikiro wautali kwambiri, ndipo zikakanika m'pamene ndimabwerera ku name().

Chinanso choti musamale nacho: mayina amayendera Python yomwe muli nayo. Python 3.11 ili ndi Unicode 14.0, pomwe 3.12 ili ndi 15.0, choncho emoji yatsopano imabweretsa uthenga wa vuto wa ValueError pa Python yakale. Ine ndimasindikiza unidata_version, yomwe imanena Unicode yomwe ilimo, pamwamba pa lipoti lililonse, ndipo name() ndimaipatsiratu mawu oti ibweze ikasowa dzina, chifukwa ngakhale chizindikiro choyambitsa mzere watsopano chilibe dzina mmenemo.