Mailman 3, Sympa ndi mlmmj pa seva ya Postfix yomwe ikugwira kale ntchito

Postfix yathu, pulogalamu yotumiza ndi kulandira makalata a imelo pa seva, inkayenda bwinobwino kwa zaka, mpaka akomiti atapempha adiresi imodzi yoti munthu akalembako, kalata ifike kwa mamembala onse. Mantha anga onse anali pa makalata a anthu omwe ankadutsa kale pa sevayo. Sindinkafuna kuti asokonekere ngakhale tsiku limodzi. Ndinayesa mapulogalamu atatu oyendetsa magulu otere a makalata: Mailman 3, Sympa ndi mlmmj.

Musanasankhe iliyonse, ipatseni subdomain yakeyake, yoyamba ndi lists. Mukaisakaniza ndi domain yomwe ili kale mu virtual_alias_domains, mudzachezera usiku wonse kufufuza komwe makalata akusochera.

Mailman 3 ndi imene ndinathera nayo nthawi yambiri. Inatuluka mu 2015 ndipo ili m'zigawo zitatu: Core, Postorius ya tsamba loyendetsera magulu, ndi HyperKitty yosunga makalata akale. Ziwiri zomalizazi zimayenda pa Django, chida chopangira masamba a webu, ndiye pakufunikanso seva ya webu, ndipo ambiri amawonjezera database ya PostgreSQL. Pa seva yaing'ono mumamva kulemera kwake. Koma mmene imalumikizirana ndi Postfix ndi mwaukhondo kwambiri. Imalandira makalata kudzera pa LMTP, njira yomwe Postfix imaperekera makalata ku pulogalamu ina, pa port 8024, ndipo imadzilembera yokha mafayilo a postfix_lmtp ndi postfix_domains. Inu mumangowalozera m'makonzedwe a Postfix, mu transport_maps, local_recipient_maps ndi relay_domains. Ine ndinaiwala mzere wa relay_domains, ndipo kalata yoyesera yochokera kunja inabwerera ndi mawu akuti "Relay access denied". Nditawonjezera mzerewo n'kuyambitsanso Postfix, inadutsa nthawi yomweyo. Wina akakuuzani za Mailman 2.1, kumbukirani kuti imadalira Python 2, yomwe inasiya kusamalidwa mu 2020. Musayambire pamenepo.

Sympa inachokera ku France m'chaka cha 1997, ndipo inalembedwa mu Perl. Mphamvu yake ndi yakuti imatha kutenga mayina a mamembala kuchokera ku LDAP (kaundula wa anthu wa pa netiweki) kapena database ya SQL, moti wophunzira akachotsedwa m'kaundula wa sukulu amachokanso pa gulu popanda wina kumufufuta. Kwa yunivesite yokhala ndi magulu mazanamazana, palibe yoiposa. Kwa ife inali nkhwangwa yophera udzudzu, ndipo ndinaisiya msanga.

mlmmj ndinaikonda, ndisaname. Inalembedwa mu C, kutengera nzeru za ezmlm, ndipo siifuna database. Gulu lililonse ndi foda chabe mu /var/spool/mlmmj, ndipo malamulo ake ndi timafayilo ta mu control. Mukufuna kuti makalata aziyamba avomerezedwa? Pangani fayilo yopanda kanthu yotchedwa moderated, basi. Chofunika n'chakuti recipient_delimiter mu Postfix ikhale +, chifukwa anthu amalowa pa gulu polembera ku adiresi ya dzina la gulu lotsatiridwa ndi +subscribe. Vuto lake ndi lakuti payokha ilibe tsamba lokongola ngati Postorius, ndipo mlembi wathu sangalowe mu seva pa SSH, pomwe zonse zimachitika polemba malamulo, kukachotsa munthu.

Kumene zitatuzi zimasiyana kwenikweni ndi pa DMARC, njira yomwe mwini domain amauzira maseva ena chochita ndi makalata omwe sakutsimikizika kuti achokeradi kwa iye. Mu Epulo 2014 Yahoo inaika lamulo la p=reject, loti makalata otere azikanidwa, ndipo makalata a anthu ake odutsa pa magulu anayamba kukanidwa. Gulu likawonjezera dzina lake pa mutu wa kalata kapena mawu pansi pake, siginecha ya DKIM, yotsimikizira kuti kalatayo sinasinthidwe panjira, imawonongeka. Mailman 3 ndi Sympa zili ndi posankha poti From, mzere wosonyeza wotumiza, isinthidwe kukhala adiresi ya gulu. Pa mlmmj njira yosavuta ndi kusakhudza kalatayo konse: osaika prefix, osaika footer.

Ndinasankha Mailman 3, ngakhale inandikakamiza kuwonjezera RAM, chifukwa oyendetsa magulu athu ndi anthu a msakatuli wa pa foni. Ndikanakhala ndikuyendetsa ndekha, bwenzi ndili pa mlmmj mpaka lero.