Kafiriji ka vinyo patatha chaka ku Kasungu: kamagonja mu Okutobala

Kafiriji aka ndi ka mabotolo 12, kopanda kompuresa, kaja kozizira ndi kachipangizo ka Peltier (kamene magetsi akadutsamo kamazizira mbali imodzi n'kutentha mbali ina) ndi fani kumbuyo. Kagwira ntchito m'nyumba ya malata kuno ku Kasungu nyengo yozizira, yotentha ndi yamvula, ndiye zabwino ndi zoipa zake zaonekera.

Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 14, ndipo chachikulu kuposa nambalayo n'chakuti kutentha kusamakwere n'kutsika tsiku lililonse. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti kafirijika kamakwanitsa bwinobwino. Mukakatchera pa 13, choyezera kutentha chapadera chimene chili pashelefu yapakati chimawerenga 13 kapena 14. Sikasokosa, sikanjenjemeretsa mabotolo.

Mavuto amayamba kumapeto kwa Seputembala. Firiji ya mtundu uwu imangotsitsa kutentha ndi madigiri 10 mpaka 15 poyerekeza ndi chipinda chimene ili. Mu Okutobala ndi Novembala, panja pakafika 32, pabalaza popanda siling'i pamaposa pamenepo, ndipo mkati mwa kafiriji mumakhala 19 kapena 20 masana onse, fani ikungozungulira osapuma. Nambala yowala pachitseko imasonyezabe 13, chifukwa imanena zimene munatchera, osati zimene zili mkatimo. Musaikhulupirire, ikanimo choyezera chanu.

Madigiri 20 paokha sawononga vinyo pa sabata imodzi. Chimene chimamupweteka ndi kuthima kwa magetsi masana. Makoma a kafirijika ndi opyapyala, chitseko ndi chagalasi, ndiye m'maola atatu kapena anayi mkati mumafanana ndi m'chipinda. Vinyo akatentha amafufuma n'kukankha cork, chotsekera chija cholowa m'kamwa mwa botolo. Akazizira amabwerera n'kukokera mpweya m'botolo, ndipo mpweyawo ndi umene umamukalambitsa. Yang'anani pakamwa pa botolo: cork yatukuka pang'ono kuposa mlomo wa galasi, pansi pa kachikuto kake pali kamzere komata kotsikira m'khosi. Mukathira m'tambula, vinyo wofiira waderako ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake ndi la zipatso zophika. Ameneyo sangabwererenso mwakale, ngakhale mumuziziritse bwanji.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi malo. Chotsani kafirijika kukhichini ndi pakhoma la kumadzulo limene dzuwa limaomba madzulo, kakhale pansi pa simenti m'chipinda cham'kati. Kumbuyo musiye mpata wa masentimita 10 kuti mpweya wotentha uzituluka. M'mipata yopanda vinyo gonekanimo mabotolo a madzi otseka bwino. Madzi amachedwa kutentha, ndiye magetsi akathima kuzizira kumakhalitsa. Chitseko musatsegule mpaka magetsi abwere. Pasoketi pakhale fridge guard, kachipangizo koteteza firiji ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa mphamvu imene magetsi amabwerera nayo imawotcha kabolodi ka mkati mosavuta.

Fumbi la Ogasiti mpaka Novembala ndi mdani wina amene ambiri samuganizira. Limamatirira pa fani ndi pa timapiko tachitsulo takumbuyo, kutentha n'kulephera kutuluka. Kamodzi pamwezi zulani pulagi, pukutani ndi mswachi wakale. Nthawi yamvula nkhani ndi madzi: amadikha pansi mkatimo, kabowo kotulutsira kakatsekeka mapepala a pabotolo amachita chuku n'kumatuka. Kawaya kofewa kamatsegula.

Za mabotolo 12 zija, amakwana ngati onse ndi owongoka a mamililita 750, aja a mtundu wa Bordeaux. Onenepa m'munsi, monga a Chardonnay ndi a vinyo wathovu, amafuna kuchotsa shelefu imodzi, basi malo atsala a 9 kapena 10.

Si botolo lililonse loyenera malo m'menemu. La cork ligone chammbali kuti cork isaume. Lotsekera chopotokola, monga vinyo wambiri wa ku South Africa wa mtengo wapakati amene timagula ku Lilongwe, litha kuima, ndipo vinyo wotere anapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi kapena ziwiri, osati kusungidwa. Botolo lotsegula kale lipite m'firiji ya kukhichini, lotsekedwa, lithe m'masiku atatu mpaka asanu, ngakhale ali wofiira.

Amene amagula mabotolo awiri atatu n'kumwa pasanathe miyezi iwiri, katoni yoikidwa pansi pa bedi m'chipinda cham'kati, pamdima, iwakwanira. Amene akusunga mabotolo a cork kupitirira chaka, kuno kwathu agule ka kompuresa, ngakhale kali kodula ndi kaphokoso pang'ono, chifukwa kamagwirabe 13 mu Novembala ndipo magetsi akabwera kamazizira msanga. Mukakanyamula kuchokera ku Lilongwe kakhale choimirira m'galimoto, ndipo mukafika kasiyeni maola anayi kapena kuposerapo musanalumikize, kuti mafuta a kompuresa atsikire m'malo mwake.